Mwana wa mbuzi amaimirira tsiku lomwelo, nanga wa munthu amachedweranji?

Amene munakulira pakhomo pa khola mukudziwa zimene ndikunena. Mbuzi ikaswa m'mamawa, dzuwa lisanafike paliwombo kamwana kake kamakhala kataimirira kale, miyendo ili njenjenje, kakufunafuna bere. Mawa lake mukapeza kakudumphadumpha pachulu. Mwanapiye naye akangotuluka m'dzira n'kuuma nthenga, amayamba kulondola make.

Tsopano taonani mng'ono wanu kapena mlongo wanu amene amayi amapita naye kusikelo ku Kabudula kapena ku Namitete. Miyezi yoyambirira ngakhale khosi silimalimba. Kuti akhale yekha pansi pamapita pafupifupi theka la chaka, ndipo kuyenda ndi nkhani ya chaka chathunthu kapena kupitirira. Koma mwana yemweyu zikadutsa zaka 12 adzasenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo osataya madzi, kapena adzapalasa njinga atamangirira matumba a chimanga pamsewu wafumbi wa ku Kasiya, maenje onse aja akuwazemba bwinobwino.

Kodi chimasintha n'chiyani m'mutu mwake? Mbali yaikulu ya yankho ili pankhongo, m'chigawo cha ubongo chimene mu Biology mumachitchula kuti cerebellum. Mwana wa munthu amabadwa cerebellum yake isanathe kumangidwa. Ndipo pomangidwapo, maselo ake amasinthasintha zipangizo zimene amamvera uthenga. Zipangizo zimenezi ndi zimene timati ma receptor. Lero tiona mmene amasinthira, chifukwa chake amasintha, ndiponso zinthu za pakhomo pathu zimene zingathandize kapena kusokoneza ntchito imeneyi.

Cerebellum: yaing'ono koma yodzaza

Gwirani pankhongo panu, pamene mutu umakumana ndi khosi. M'kati mwa fupa limenelo ndi mmene muli cerebellum. Pa mayeso a MSCE mumalemba kuti imathandiza munthu kukhazikika osagwa komanso kuti minofu izigwira ntchito mogwirizana. Zimenezo n'zoona. Cerebellum si imene imaganiza kuti "ndinyamule mkono". Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti mkonowo wanyamuka pa nthawi yake, ndi mphamvu yoyenera, n'kuima pamene uyenera kuima. Popanda iyo, mukati mutenge mbamu ya nsima kupita nayo pakamwa, dzanja lingapitirire kapena kuperewera.

Kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse. Koma mu 2009, gulu la asayansi a ku Brazil, kuphatikizapo Suzana Herculano-Houzel, linawerengera ma neurone a mu ubongo wa munthu n'kupeza kuti alipo pafupifupi 86 biliyoni, ndipo mwa amenewa pafupifupi 69 biliyoni ali mu cerebellum. Mwamva? Pa ma neurone 5 alionse a m'mutu mwanu, 4 ali pankhongo.

Pali mitundu iwiri ya maselo imene muyenera kuigwira kuti nkhaniyi imveke. Mtundu woyamba ndi maselo a granule. Awa ndi ang'onoang'ono zedi, ndipo ndi amene amachititsa kuti chiwerengero chija chikwere chonchi. Mtundu wachiwiri ndi maselo a Purkinje, amene dzina lawo linachokera kwa Jan Evangelista Purkyně, wasayansi wa mtundu wa Czech amene anawafotokoza mu 1837. Awa ndi akuluakulu, okhala ndi nthambi zambirimbiri ngati mtengo wa kachere, kungoti nthambi zake ndi zaphwatalala ngati lichero. Selo limodzi la Purkinje limalandira uthenga kuchokera ku maselo a granule oposa 100,000. Likasefa uthenga wonsewo, ndi limene limatumiza chigamulo chomaliza kuchoka m'chikopa cha cerebellum.

Tikumbutsane za synapse

Ma neurone awiri sagundana ngati mawaya a magetsi. Pakati pawo pamakhala kampata kakang'ono kwambiri, ndipo malo okumanirana amenewa ndi amene timati synapse. Uthenga ukafika kumapeto kwa neurone yoyamba, iyo imatulutsa mankhwala otchedwa neurotransmitter. Mankhwalawa amawoloka kampata kaja n'kukamatirira pa ma receptor a neurone yachiwiri.

Taganizirani za kiyi ndi chitseko. Neurotransmitter ndi kiyi. Receptor ndi chitseko chokhala ndi loko wake, chimene chili pakhungu la selo. Kiyi akalowa, chitseko chimatseguka, ndipo tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ma ion aja munaphunzira mu Chemistry, timalowa kapena kutuluka.

Mu cerebellum makiyi akuluakulu alipo awiri. Glutamate ndi wouza selo kuti "dzuka, tumiza uthenga". GABA ndi wouza selo kuti "khala chete". Wina ndi pedulo, wina ndi buleki. Njinga yopanda chimodzi mwa ziwirizi sungapite nayo kutali.

Koma apa ndi pamene pagona nkhani: zimene zimachitika kiyi akafika zimadalira mtundu wa chitseko. Receptor ndi puloteni yopangidwa ndi zidutswa zingapo zolumikizana. Receptor ya NMDA, imene imamva glutamate, ili ndi zidutswa 4. Receptor ya GABA-A ili ndi zidutswa 5. Chidutswa chilichonse chili ndi jini yake mu DNA. Ndikati majini sindikunena mizimu ya m'nthano ayi, ndikunena malangizo a mu DNA opangira mapuloteni. Selo lililonse lili ndi buku lonse la malangizowa, koma siliwerenga masamba onse nthawi imodzi. Selo likawerenga jini n'kupanga puloteni yake, asayansi amati gene expression. Likasiya kuwerenga tsamba lina n'kuyamba lina, chidutswa cha receptor chimasintha. Zili ngati timu ya mpira: dzina ndi lomwelo, jezi ndi yomweyo, koma kochi walowetsa osewera ena, ndiye kaseweredwe kasintha.

Ulendo wa selo la granule

Maselo a granule sabadwira pamalo pamene amakagwirira ntchito. Amabadwira pamwamba penipeni pa cerebellum, m'chigawo chongoyembekezera chotchedwa external granular layer. Pamenepa amagawikana mobwerezabwereza mpaka kuchuluka kwadzaoneni. Kenako selo lililonse limasiya kugawikana n'kuyamba ulendo wolowera m'kati.

Limayamba ndi kutambasula timiyendo tiwiri cham'mbali, kwinaku ndi kwinaku. Likatero thupi lake limatsika, likusiya ulusi m'mbuyo ngati kangaude wotsika padenga. Limadutsa mzere wa maselo a Purkinje n'kukakhazikika pansi pake. Ulusi uja umatsala wooneka ngati chilembo cha T, ndipo mikono ya T imeneyo ndi imene imadutsa m'nthambi za maselo a Purkinje n'kupanga ma synapse. Potsika selo silisochera chifukwa limagwirira zingwe za maselo ena othandizira, otchedwa Bergmann glia. Amene anaonetsa bwino zimenezi ndi Pasko Rakic mu 1971.

Nanga ma receptor akubwera pati? Mu 1993, Hitoshi Komuro ndi Rakic yemweyo, ali ku Yale University ku America, anatenga tizidutswa ta cerebellum ya tiana ta mbewa n'kumaonerera maselo akuyenda. Atathira mankhwala otseka ma receptor a NMDA, maselo aja anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Atachita zoti ma receptor azitseguka kwambiri, liwiro linakwera. Izi zikutanthauza kuti selo la granule limagwiritsa ntchito receptor ya NMDA lisanakhale n'komwe ndi synapse. Pa nthawi imeneyi receptor si yotumizira uthenga wa kayendedwe ka thupi. Ndi khomo lolowera kashiamu, ndipo kashiamu ndi amene amauza selo kuti liyende.

Selo laling'ono lotere limakhala ndi chidutswa chotchedwa GluN2B. Receptor yokhala ndi chidutswa chimenechi ikatseguka imachedwa kutseka, choncho kashiamu amalowa wambiri. Zimenezi ndi zoyenera selo limene likuyenda ndi kumera nthambi. Koma selo likafika pamalo pake, ntchito imasintha. Tsopano liyenera kulandira uthenga wothamanga wochokera ku minofu, ku mfundo za mafupa ndi m'kati mwa khutu, n'kuupereka pa nthawi yake yeniyeni. Ndiye limachepetsa GluN2B n'kuyamba kupanga GluN2A, amene amatseka msanga, kenako GluN2C.

GluN2C ali ndi khalidwe lakelake. Ma receptor ambiri a NMDA amakhala otsekedwa ndi magnesium, ngati botolo lotsekedwa ndi chitsononkho, ndipo chitsononkhocho chimachoka pokhapokha selo litadzuka kale pang'ono. Pa receptor ya GluN2C chitsononkho chimakhala cholobodoka, koma mphamvu imene imadutsapo ndi yocheperako. Mu 1994, Mark Farrant, Stuart Cull-Candy ndi anzawo a ku University College London anayeza magetsi odutsa pa receptor imodziimodzi m'maselo a granule a makoswe, ndipo anaona kusinthaku: maselo ongobadwa ndi oyenda anali ndi mtundu wina, okhazikika anali ndi mtundu winanso. M'makoswe zonsezi zimatheka m'milungu itatu yoyambirira atabadwa.

Buleki imene inayamba ngati pedulo

Kumbali ya GABA nkhani yake ndi yodabwitsa kwambiri, ndipo ili pawiri.

Choyamba, zidutswa zimasinthanso. Maselo a granule aang'ono amapanga kwambiri zidutswa za alpha 2 ndi alpha 3. Akakhazikika amayamba kupanga alpha 1 ndi alpha 6. Chidutswa cha alpha 6 ndi chapadera: pafupifupi mu ubongo wonse chimapezeka m'maselo a granule a mu cerebellum basi, ndi m'kachigawo kena ka kumva kamene kali pafupi. Sichioneka selo lili paulendo, chimadikira lifike kaye. Chifukwa cha zimenezi asayansi amachigwiritsa ntchito ngati chizindikiro choti selo lakula.

Alpha 6 akaphatikana ndi chidutswa china chotchedwa delta, amapanga receptor imene imakhala kunja kwa synapse, ndipo imamva GABA ngakhale atakhala wochepetsetsa. Zotsatira zake n'zoti selo limakhala ndi kabuleki kosalekeza. Amene munatsikapo chitunda ndi njinga yolemera mukudziwa: sumadikira kuti njinga ithamange kenako n'kumanga buleki mwadzidzidzi, umagwiriratu pang'ono njira yonse. Kabuleki kameneka kamathandiza kuti selo la granule lisamadzidzimuke ndi kaphokoso kalikonse, lizingoyankha uthenga wamphamvu ndi wofunika.

Chachiwiri ndi ichi. M'maselo aang'ono kwambiri, GABA sagwira ntchito ya buleki, amadzutsa selo. Zimenezi zinadziwika bwino mu 1989 pa kafukufuku wa Yehezkel Ben-Ari ndi anzake ku France, m'chigawo china cha ubongo, ndipo pambuyo pake zinapezekanso m'maselo a Purkinje a makoswe a m'mlungu woyamba. Zimatheka bwanji? Kumbukirani diffusion: zinthu zimachoka pamene zachuluka kupita pamene zachepa. Receptor ya GABA-A ndi khomo la chloride, amene ali ndi mphamvu ya negative. Selo laling'ono lili ndi pampu yotchedwa NKCC1 imene imalowetsa chloride, ndiye m'kati amakhalamo wambiri. Khomo likatseguka chloride amatuluka, m'kati mumachepa negative, selo n'kudzuka. Selo likamakula limayamba kupanga pampu ina, KCC2, imene imatulutsa chloride. Tsopano khomo lomwelija likatseguka chloride amalowa, negative n'kuchuluka, selo n'kukhala chete. Kiyi ndi yemweyo, khomo ndi lomwelo, koma yankho latembenuka chifukwa selo layamba kuwerenga tsamba lina la DNA.

Kupatulira

Amene munalimako mukudziwa kuti mbewu zikamera zambiri paphando limodzi timapatulira kuti yotsalayo ikule bwino. Cerebellum nayo imapatulira.

Kuwonjezera pa uthenga wa maselo a granule, selo la Purkinje limalandira mtsempha wina wamphamvu wotchedwa climbing fibre. Umachokera mu medulla oblongata, ndipo umayanga m'nthambi za selolo ngati nyemba pa chimanga. Kambewa kakangobadwa, selo lililonse la Purkinje limakhala ndi mitsempha yotere ingapo. Imapikisana. Umodzi umakula mphamvu n'kukwera m'nthambi, inayo imafota. Pofika kumapeto kwa mlungu wachitatu, selo lililonse limatsala ndi umodzi wokha.

Kuti kupatulira kumeneku kumalizike pamafunika receptor ina ya glutamate, yotchedwa mGluR1, imene imachuluka kwambiri m'maselo a Purkinje. Mu 1997, Masanobu Kano wa ku Japan ndi anzake anaonetsa kuti mbewa zopanda jini ya mGluR1 zimakula maselo ena a Purkinje akadali ndi ma climbing fibre angapo. Mbewa zopanda receptor imeneyi zimayenda modzandira moyo wawo wonse.

N'chifukwa chiyani umodzi wokha uli wofunika? Asayansi ambiri amaona climbing fibre ngati mphunzitsi woyika cholembera chofiira. Mukaponya mpira wa fulaye n'kuphonya, kapena phazi likaterereka, mtsempha umenewu umauza selo la Purkinje kuti "apa walakwitsa". Mu 1982, Masao Ito wa ku Japan ndi anzake anaonetsa kuti climbing fibre ikagwira ntchito nthawi imodzi ndi ulusi wa maselo a granule, ma synapse a ulusiwo amafooka kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake zinadziwika kuti kufookako kumabwera chifukwa selo limachotsapo ena mwa ma receptor a glutamate otchedwa AMPA. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene cerebellum imaphunzirira. Ndiye dziwani kuti kusintha kwa ma receptor sikuthera paukhanda. Tsiku limene munaphunzira kupalasa njinga, kugwa konse kuja kunali kuchotsa ndi kuikapo ma receptor pankhongo panu.

Tibwerere kukhola

Tsopano funso lathu lija likuyankhika. Ziweto monga mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zimamaliza mbali yaikulu ya ntchito yomanga cerebellum zikadali m'mimba. Zikamabadwa maselo ambiri a granule amakhala atafika kale pamalo pake. Khoswe amabadwa wosaona, wopanda ubweya, ndipo ntchito yambiri imachitika atabadwa. N'chifukwa chake asayansi amakonda makoswe ndi mbewa pa kafukufuku wotere, ndipo zambiri zimene ndafotokoza pamwambapa zinapezeka pa tinyama timeneti.

Munthu ali pakati. Cerebellum yake imakula mofulumira kwambiri m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, ndipo ntchito imapitirira akabadwa. Chigawo chongoyembekezera chija, chimene maselo a granule amabadwiramo, chimakhalapobe mpaka mwana atakwanitsa pafupifupi chaka. Mu 2008, Rebecca Knickmeyer ndi anzake a ku University of North Carolina anajambula ubongo wa makanda ndi makina a MRI. Anapeza kuti m'chaka choyamba ubongo wonse unakula kuwirikiza kawiri, pamene cerebellum inakula kuposa katatu.

Si cerebellum yokha imene imayendetsa mwana. Pamafunikanso minofu yolimba, mafupa, maso, khutu lam'kati ndi zigawo zina za ubongo. Komanso ana samakula mofanana. Malinga ndi kafukufuku amene bungwe la WHO linafalitsa mu 2006, ana athanzi amakhala okha pansi kuyambira miyezi 4 mpaka 9, ndipo amayenda okha kuyambira miyezi 8 mpaka pafupifupi 18. Choncho mwana wa anansi akayenda pa miyezi 10, wanu n'kuyenda pa miyezi 15, onse awiri ali bwinobwino. Kuno ku Malawi tili ndi chida chathuchathu choyezera kakulidwe ka ana, chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa mu 2010 atachiyesa pa ana a m'midzi ya kuno. Chimaona zinthu zinayi: kayendedwe ka thupi lonse, kagwiritsidwe ntchito ka zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu.

Zimene zingasokoneze ndondomekoyi

Paja amati m'mera mpoyamba. Poti ntchito yonseyi imayendera nthawi, chimene chasokonekera pa nthawi yake chimavuta kuchikonza pambuyo pake. Tione zinthu zitatu zimene zili pafupi nafe.

Choyamba ndi mowa. Munaonapo bambo wochokera kokamwa kachasu akuyenda dzandidzandi, msewu wonse kumuchepera. Mowa umachita zinthu ziwiri pa ma receptor amene takambirana: umalepheretsa ma receptor a NMDA ndipo umawonjezera mphamvu ya GABA. Pedulo yafooka, buleki yamanga. Kwa munthu wamkulu amene wamwa tsiku limodzi, mowa ukatha m'thupi amayendanso bwino, ngakhale kuti kumwa kwambiri kwa zaka zambiri kumawononga cerebellum kotheratu. Koma mayi woyembekezera akamwa, mowa umadutsa kupita kwa mwana, pa nthawi imene maselo akudalira ma receptor omwewo kuti ayende, akule ndiponso akhale ndi moyo. Mu 2000, Chrysanthy Ikonomidou, John Olney ndi anzawo anaonetsa kuti mowa umapha ma neurone ambirimbiri mu ubongo wa tiana ta makoswe kudzera m'ma receptor awiriwa. M'makoswe, maselo a Purkinje amafa mosavuta ndi mowa cha pa tsiku la 4 mpaka la 6 atabadwa, nthawi imene imafanana ndi miyezi yomaliza ya pakati pa munthu. Selo la Purkinje likafa silibweranso lina. Vuto la ana obadwa atapwetekedwa ndi mowa linapatsidwa dzina lakuti fetal alcohol syndrome mu 1973. Palibe mlingo wa mowa umene madokotala anautsimikiza kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo.

Chachiwiri ndi ayodini. Pakhosi panu pali chithokomiro, chimene chimagwiritsa ntchito ayodini popanga mahomoni. Mahomoni amenewa amalowa mpaka m'kati mwa selo n'kuuza majini ena kuti yambani, ena kuti siyani. Tinganene kuti ndi belu la pasukulu limene limasintha mapiriyodi. Belu likapanda kulira, maselo a granule amachedwa kunyamuka ndipo nthambi za maselo a Purkinje zimapinimbira. Zimenezi zinaoneka m'makoswe, komanso Basil Hetzel ndi anzake ku Australia anaziona m'ana a nkhosa zimene zinkadya chakudya chopanda ayodini wokwanira. Dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, kumene ayodini amapezeka wambiri, ndipo n'chifukwa chake lamulo limafuna kuti mchere wogulitsidwa kuno ukhale wothira ayodini. WHO imati munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, pamene mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Sikuti tizithira mchere wambiri m'ndiwo ayi, wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Chofunika ndi chakuti wochepa umene tikudyawo ukhale wa ayodini, ndipo uzisungidwa m'chinthu chotseka, pouma, chifukwa chinyezi ndi kutentha zimauchotsa ayodini.

Chachitatu ndi kubadwa masiku asanakwane ndiponso kusowa chakudya choyenera. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linayerekezera kuti ku Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chimene chinali chokwera kuposa mayiko ena onse m'lipotilo. Mwana wotere amatuluka pa nthawi imene cerebellum ikukula mofulumira kwambiri, ndiye amafunika kutentha, mkaka wa m'mawere ndi chitetezo ku matenda. Ichi n'chifukwa chake azamba amaphunzitsa chisamaliro cha kangaroo, choika khanda pachifuwa khungu ndi khungu. Pa za chakudya, kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Kumbukirani kuti receptor ndi puloteni, ndipo maselo mabiliyoni sangamangidwe ndi phala la ufa woyera lokha. Alangizi a zaumoyo akamalimbikira za masiku 1,000 oyambirira ndi magulu 6 a zakudya, nsinjiro m'phala, dzira, usipa, masamba, akunena za ntchito yomanga yomweyi.

Apa tisamale pang'ono. Mukaona mwana wochedwa kuyenda musathamangire kuloza chala mayi ake. Zifukwa zilipo zambiri, zina ndi zobadwa nazo, zina ndi matenda monga malungo okhudza ubongo kapena mavuto a pobadwa. Chofunika ndi kupita naye kuchipatala msanga. Mwana akafika miyezi 9 asanayambe kukhala yekha, kapena miyezi 18 asanayambe kuyenda, aonedwe ndi achipatala. Ubongo wa mwana umaphunzirabe, ndipo thandizo loyambika msanga limapindula kuposa lochedwa.

Ntchito ya kunyumba

Nazi zinthu zitatu zoti muyese lero lomwe.

Imani ndi mwendo umodzi, mnzanu akuwerengereni masekondi. Kenako tsinzinani muyesenso. Muona kuti zavuta, chifukwa mwachotsa uthenga wa maso, ndipo ubongo watsala ndi wa khutu lam'kati ndi wa minofu basi. Mukamayeserera tsiku lililonse kwa mlungu umodzi, masekondi aja adzachuluka. Ameneyo ndi mphunzitsi wa cholembera chofiira uja ali pa ntchito.

Lozani mphuno yanu, kenako chala cha mnzanu, mobwerezabwereza, mnzanuyo akusuntha chalacho. Madokotala amayeza cerebellum mwanjira yomweyi. Amene cerebellum yake yavulala, chala chimanjenjemera chikamayandikira ndipo chimaphonya.

Pomaliza, lowani kukhitchini muone pepala la mchere. Kodi palembedwa kuti muli ayodini? Nanga ukusungidwa motani? Ngati pakhomo pali alamu kapena achemwali oyembekezera, auzeni zimene mwawerenga pano, mwaulemu wake. Ndipo mukamulera mng'ono wanu uja, musamangomusiya kumbuyo tsiku lonse. Muyalireni mphasa, akwawe, agwire mpando, agwe, adzukenso. Mukamuona akudzandira musamuseke kwambiri. Pankhongo pake maselo ena akadali paulendo, ndipo amene afika akusinthabe zitseko.